Pamene Kuzizira Kumathera

Ine ndimagulitsa kuzizira, pano pa Kamuzu Road,
kuseri kwa okala ya matayala akale.
Mu Okutobala, phula likamamatira ku nsapato,
amayi a mafilizesi amabwera ndi mafiriji akufa pa wilibala,
ine n'kutchera khutu pa kompuresa
ngati namwino pachifuwa cha khanda.
Zaka makumi atatu. Ndinkayesa kuzizira ndimakudziwa

mpaka Ndaziona, mwana wanga wachiwiri,
ataimba foni Lamulungu kuchokera uko akuphunzira,
mawu akudukaduka:
"Ababa, aisi wanuyo ndi moto."

Akuti ali ndi kabotolo ka galasi kopopedwa mpweya wonse,
m'menemo muli kamtambo ka timaatomu
kochepa kuposa njere ya mpiru.
Amatiwomba ndi kuwala mbali zonse mpaka titafooka,
totentha n'kutisiya tithawe, monga mmene tiyi amapolera m'kapu,
totsalato n'kufika pakhomo penipeni
pamene kuzizira kumathera.
Kumeneko, akuti, kulibenso uyu ndi uyo.
Mwendo umodzi. Dzina limodzi.

Ndinati, ndiye tafatu tinthu takoto.
Anaseka, kuseka kwa mayi ake, kotulukira m'mphuno.
"Ayi. Mukagogoda pang'ono, kamtamboko kamayankha.
Kamafufuma, n'kuphwa, n'kufufumanso
ngati chifuwa cha munthu ali m'tulo.
Mwina kafunde kamanyamuka uku kupita uko,
mwachidodo, moti nyerere ingakapitirire.
Ndizo ndimayeza."

Chandisowetsa tulo si chimenecho.
Ali ndi popotokola. Maginito.
Akapotokola chakuno, timakankhana
ngati anthu m'minibasi ya ku Chipoka,
ndipo uthenga wa kugogoda kuja umathamanga, phewa ndi phewa.
Akapotokola chauko, timakokana,
akapyola muyeso kamtambo kamadzigwera, mbwee!
Ndiye pali pakati, akuti,
pamene sitikankhana, sitikokana,
timangopyolana ngati sitinaonanepo.
Ugogode pamenepo, palibe wouza mnzake.
Mawu amasowa chokwera.

Chichewa chathuchi n'chachipongwe.
Munthu akati timakokana, timapyolana,
sudziwa ngati akunena tinthuto kapena ife.

Ndinakhala duu. Iye anayesa ndi netiweki.

Pakatipo ndimapadziwa.
Chaka chimene tinaika Nasimango ku Khombedza
ine ndi mwanayu tinkapyolana pakhonde,
mbale ziwiri, wailesi ili chilankhulire,
osakangana, osagwirana ndi dzanja lomwe.
Ndinkati ndi mtendere.
Tsiku lonyamuka anamuperekeza ndi amalume ake.
Ine ndinali ndi firiji ya ku butchala, nyama ikanaonongeka.
Inali mbuzi imodzi ndi theka. Ndimakumbukabe.

"Halo? Ababa?"
Ndinati, nanga umakaona bwanji, kanthu kochepa chotero?
Akuti amakamasula, n'kukajambula kakumwazika,
ndipo chithunzicho ndiye imfa yake.
Kenako amayambiranso. Mphindi isanathe, kena kabadwa.
Kambirimbiri pa tsiku.
Ndinati, ntchito yabwino imeneyo,
yoti ukalakwitsa umayambiranso.
Sanayankhe. Mwina inali netiweki.

Lolemba magetsi anathima m'mawa.
Jafali, mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito,
anagona pa katoni, chipewa kumaso.
Mafiriji asanu ndi awiri ali ndandanda, onse chete,
thukuta likutsika m'mbali mwawo.
Ndinatenga sipanala n'kugogoda paipi ya loyamba, ngo!
Lomalizira, lotsamira khoma, linanjenjemera kagalasi.
Ankakhudzana. Sindinadziwe.

Si Lamulungu lero, ndi Lachitatu,
ndipo ndilibe nkhani.
Ndagula mayunitsi kwa Abiti Mdoka, ndakanda ndi chikhadabo chakuda ndi girisi.
Ndimuuza kuti kwatentha.
Ndimuuza kuti mango a kuseri ayamba kugwa okha.
Akandikalipira za tsiku lija, andikalipire,
kukankhana nako kumanyamula mawu.

Ikuitana.